Musanatumize dikoda kumudzi, mvelani za ku Vubwi

Mwezi ukatha, pa Intercity pamaunjikana katundu wopita kum'mawa: matumba a shuga, matilesi, malata, mabatili a sola. Pakati pa katunduyo simulephela kuona katoni ya dikoda na dishi yomangidwa na malegeni. Ameneyo ni mwana wa m'tauni amene wakumbuka kwawo. Wadzimana kwa miyezi ingapo kuti nawonso makolo azipenyelela nyuzi na mpila ali m'nyumba mwawo, m'malo mokakhala pa benchi ku golosale.

Pakapita masabata angapo foni imalila. Ati TV yaleka. Mwana wa m'tauni amafunsa ngati malaiti alipo, ngati waya uli bwino, ngati adzukulu sanaseweletse limoti. Potsiliza onse amagwilizana kuti kumudzi ni kutali, sigino siifika bwino, basi. Dikoda imabwelela m'katoni, dishi imatsala pa mtenje kuti nkhunda zizikhalapo.

Ninapita ku Vubwi kuti nikaone ngati n'zoona kuti vuto ni kutalika kwa malo. Cimene ninapeza n'cakuti sigino yocokela kumwamba imafika ku Vubwi monga mmene imafikila ku Kabulonga. Zimene zimavuta zili pansi pompano: mtundu wa dikoda, kukula kwa dishi, malaiti, ndalama ya mwezi na mwezi, na munthu wodziwa kukonza.

Cifukwa ciani Vubwi?

Vubwi ni boma laling'ono limene malemu Pulezidenti Michael Sata analipatula ku Chadiza mu 2012. Ni dziko la Acewa, la Mfumu Pembamoyo, ndipo lili pakona pamene Zambia imakumana na Malawi komanso Mozambique. Kucoka mu Lusaka muyenda makilomita pafupifupi 570 pa Great East Road, kupitila Nyimba, Sinda na Katete mpaka ku Chipata, ndiyeno mukwela galimoto ina yoloŵa kum'mwela ca kum'mawa, m'mapili.

Dzina la bomali linamveka pa nkhani ya TV mu 2018, pamene Pulezidenti wa nthawiyo, Edgar Lungu, anapita kumeneko kukatsegulila pulogilamu yopeleka TV ya setilaiti m'midzi. Pulogilamuyo inacokela pa lonjezo limene Pulezidenti wa China, Xi Jinping, anapeleka pa msonkhano wa ku Johannesburg mu December 2015, lakuti midzi 10,000 ya mu Africa idzalandila TV ya setilaiti. Zambia inapatsidwa midzi 500, ndipo nchitoyo inagwilidwa na kampani ya StarTimes. Mudzi uliwonse unayenela kulandila mapulojekita awili na TV imodzi ya mainchesi 32 zoika pamalo a anthu onse, monga pasukulu kapena pacipatala, pamodzi na sola yake, komanso madikoda na madishi a mabanja 20.

Boma silinasankhe Vubwi mwangozi. Malo monga amenewa ndiwo amene TV ya pa mlongoti imavutika kufikako.

Njila ziwili za sigino

Ambili timasokonezeka apa tikaloŵa m'shopu ku Kamwala kapena ku Town Centre. Madikoda amaoneka ofanana, koma alipo a mitundu iwili.

Mtundu woyamba umagwila nchito na eliyo, kaja kokhala monga minga ya nsomba. Sigino yake imacokela pa mlongoti womangidwa pansi, nthawi zambili pamwamba pa phili kapena pafupi na tauni. GOtv, imene inayambila kuno ku Zambia mu 2011 isanapite ku maiko ena, imayenda mwa njila imeneyi. TopStar nayonso ili na dikoda ya eliyo. Kampani ya TopStar ni ya ZNBC na StarTimes, ZNBC ili na magawo 40 pa 100 ndipo StarTimes ili na 60, ndipo inabwela pamene dziko linali kusamuka kucoka ku TV yakale ya analogi kupita ku dijito, nchito imene inadya ngongole yoposa madola 200 miliyoni yocokela ku China. Sigino ya pa mlongoti imayenda molunjika. Phili likaima pakati pa mlongoti na nyumba yanu, mwagwa nayo. Mukatalikila kwambili, imafooka mpaka kuthelatu.

Mtundu waciwili ni wa dishi. Uwu suyang'ana mlongoti ayi. Umayang'ana setilaiti imene ili makilomita 35,786 pamwamba pa equator, imene imazungulila pa liwilo lofanana na la dziko, mwakuti kwa ife imaoneka monga yaima malo amodzi. Kwa cinthu cimene cili kutali conco, mtunda wa pakati pa Lusaka na Vubwi ni wocepa ngako. Dishi imangofuna thambo loonekela bwino kumbali imene setilaitiyo ili.

M'nyumba ina imene ninafikako, pa kabati panali dikoda ya eliyo yatsopano, ikali na pulasitiki yake. Amayi a m'nyumbamo ananiuza kuti anatumizilidwa na mwana wawo wa ku Lusaka. Anayesa kumangilila eliyo pansungwi ziwili zolumikiza, koma palibe cinaoneka. Mwanayo sanalakwe kukonda amayi ake. Anangogula cinthu cimene cimagwila bwino ku Matero, osadziŵa kuti kuseli kwa phili sicingagwile.

Yang'anani kumene dishi yaloza

Mawa muli m'minibasi, basi ikaima pa jamu, yang'anani pa mitenje. Mudzaona kuti madishi saloza kumodzi. Popeza tili kum'mwela kwa equator, onse amapendekela kumpoto, koma ena amaloza kumpoto kwenikweni, ena kum'mawa, ena kumadzulo. Dishi yoloza kumpoto nthawi zambili ikufuna setilaiti ya Eutelsat ya pa madigili 36 kum'mawa, imene DStv imaseŵenzetsa m'maiko ambili a mu Africa. Yoloza kotulukila dzuwa ikufuna Intelsat 20, ya pa madigili 68.5, imene imanyamula DStv ya kum'mwela kwa Africa na machanelo ambili aulele, maka-maka a machalichi. Yoloza kumadzulo ikufuna SES-5, ya pa madigili 5, imene StarTimes imaseŵenzetsa.

Ku Vubwi, setilaiti ya pa madigili 36 ili pafupifupi pamwamba pa mutu, conco phili silingaitseke. Zina ziwilizo zili motsikilako, ca pakati pa thambo, ndipo mtengo wa mango umene unali waung'ono pamene dishi inali kuikidwa ungathe kuitseka pakapita zaka zitatu. Ninaona dishi imodzi yotelo, yoyang'anizana na masamba okha-okha.

Setilaiti iliyonse imaunika dela lake, monga mmene tochi imaunikila pansi usiku: pakati pamawala kwambili, m'mbali kuwala kumazilala. Makampani amaloza kuwalako kumene kuli makasitomala awo. Kuwala kumene kunalozedwa ku South Africa kumafika ndithu kuno kwathu, koma mukamapita kumpoto kumacepela-cepela. Munthu wa m'mbali mwa kuwalako afunika dishi yaikulu kuti atole zokwanila, monga mmene wotunga madzi a mvula yowaza amafunila beseni m'malo mwa kapu. Dishi ya masentimita 90 imatola kuposa kawili poyelekeza na ya masentimita 60, ndipo ya masentimita 120 imatola kanayi. N'cifukwa cake m'midzi ya m'malile mumapeza madishi akulu-akulu, ena omangidwa pa mtengo wozikidwa pansi na simenti.

Malile amene amaikidwa na anthu

Amene munali kale na TV mu 2012 mukumbukila madikoda a Wiztech na Philibao. Munthu anali kugula kamodzi, osalipilanso, n'kumapenyelela Generations na Isidingo pa SABC. Machanelo amenewo sanali kutumizidwa kwa ife. Anali a anthu a ku South Africa okhala kumalo kumene milongoti siifika, koma kuwala kwa setilaiti sikudziŵa malile a maiko, conco kunatayikila ku Botswana, Zimbabwe, Malawi, Mozambique na kuno. Wailesi ya kanema ya eBotswana inapita kukhoti ku South Africa kukadandaula kuti ikuluza makasitomala. Khoti inalamula kampani ya Sentech, imene imatumiza siginoyo, kuti iitseke na loko, ndipo pakati pa 2013 SABC inazimilila m'manyumba ambili-mbili. Setilaiti inali pamalo pake, madishi anali bwino-bwino, koma kiyi inali itasintha.

Anansi athu a ku Malawi anaona zofananako mu August 2023, pamene MultiChoice inalengeza kuti ikucotsa DStv m'dzikomo cifukwa ca mkangano wa mitengo na bungwe la MACRA. Nkhaniyo inatha kukhoti ndipo DStv inabwelela kumapeto kwa caka comweco. Pa miyezi imeneyo, munthu wa ku Mchinji na m'bale wake wa ku Vubwi anali pansi pa thambo limodzi na setilaiti imodzi, koma malamulo awo anali osiyana.

Conco munthu akakuuzani pamsika kuti ali na dikoda yocokela kunja imene ionetsa zonse mahala mpaka kale-kale, kumbukilani 2013. Tsiku limene eni ake adzasintha kiyi, mudzatsala na bokosi, ndipo kulibe ofesi kuno imene mungakadandauleko.

Mvula ikabwela

Madishi ang'ono-ang'ono amene tili nawo amalandila mafunde ochedwa Ku-band, a pakati pa 10.7 na 12.75 GHz. Mafunde amenewa amamwedwa na madontho a madzi. Mtambo wakuda ukaima pakati pa dishi na setilaiti, sigino imatsika, ngakhale kuti pakhomo panu sipanagwe dontho. Amene ali na DStv amaidziŵa nambala ya E48-32 kuposa nambala ya NRC yawo.

TV yakale ikafooka inali kuonetsa mpunga, koma munali kuonabe mithunzi ya osewela na kumva mawu. Dijito ilibe cifundo cotelo. Cithunzi cimakhala coyela bwino mpaka pamlingo wina wake, ndiyeno cimasweka makona-makona n'kuthelatu. Apa ndiye pali cinsinsi cimene woika madishi wina wacinyamata ananionetsa pa TV ya m'golosale. Anatsegula pa menyu pamene pamaoneka mizele iwili, wa mphamvu na wa ubwino wa sigino. Ananifotokozela kuti dishi yoikidwa mwa cisawawa mu July imaonetsa bwino-bwino, mwini wake n'kulipila mokondwa, cifukwa kumwamba kulibe mitambo. Koma ngati mzele wa ubwino uli cabe pamwamba pang'ono pa malile, mvula yoyamba ya mu November idzaugwetsa. Dishi yolunjikidwa bwino, yokulilapo, imakhala na mphamvu yotsalako yolimbana na mitambo, ndipo imangoduka pa cimvula ceniceni.

Zina zimene ananichulila ni zazing'ono, koma ndizo zimazimitsa TV zambili. Madzi amaloŵa polumikizila waya na LNB, kaja kokhala kutsogolo kwa dishi, n'kucita dzimbili. Mphepo ya mu August imasuntha dishi yomangidwa pa mtengo wa nyumba ya udzu, ndipo kusuntha kocepa ngati cala n'kokwanila. Ciswe cimadya mtengo umene dishi yakhalapo. Palinso masiku ocepa ca kumapeto kwa March na mu September pamene dzuwa limadutsa kumbuyo kwenikweni kwa setilaiti, sigino n'kusokonezeka kwa mphindi zingapo. Zimenezo zimatha zokha, musakwele pa mtenje.

Wailesi ya m'malile

Pa ulendo wa kum'mawa, mvetselani wailesi ya m'basi. Masiteshoni a mu Lusaka amayamba kukhosomola mukapitilila Chongwe, ndipo m'mapili a ku Luangwa dilaiva amangoika nyimbo za pa fulashi. Mukayandikila Katete mumapeza Mphangwe, ku Chipata kuli Breeze FM na Radio Maria. FM nayonso imayenda molunjika monga TV ya pa mlongoti, conco siteshoni iliyonse ili na polekezela pake.

Ku Vubwi ninapotoza kawailesi ka mabatili madzulo ena, ndipo mawu ena amene anamveka bwino kwambili anali a ku Malawi. Kumeneko kuli MBC, kuli Zodiak, ndipo ku Mchinji kuli wailesi ya Mudzi Wathu. Foni nayonso m'malo ena imalumphila pa netiweki ya ku Malawi popanda kukufunsani.

Anthu a kumeneko saona cacilendo pa zimenezi, ndipo ine siniona colakwa. Cinenelo n'cimodzi. Maukwati na malilo amadutsa malile. Caka ciliconse kumapeto kwa August, Acewa a maiko atatu amakumana ku Mkaika ku Katete pa mwambo wa Kulamba, pamaso pa Kalonga Gawa Undi. Mlimi wogulitsa soya kapena nshawa afunika kudziŵa mitengo ya mbali zonse ziwili, ndipo pamene kwacha ya Malawi inagwetsedwa na 44 pelesenti mu November 2023, imeneyo inali nkhani ya m'thumba kwa aliyense wocita malonda m'malile.

Koma pali nkhani zina zimene wailesi ya dziko lina singakuuzeni. Tsiku loyamba kulembetsa feteleza wa FISP, mtengo umene FRA igulila cimanga, masiku a katemela wa ana, malo olembetsela mavoti, cenjezo la kolela: zonsezi zimacokela mbali ya kuno. Munthu amene sazimva panthawi yake amaluza ndalama, nthawi zina amaluza zoposa ndalama. Apa dishi imathandiza m'njila imene ambili saidziŵa. Madikoda ambili a setilaiti ali na mbali ya mawailesi, kumapeto kwa mndandanda wa machanelo. M'nyumba ina ninapeza mkulu wina amene amayatsa TV m'mamawa osati kuti apenyelele, koma kuti amvele nyuzi.

Maganizo otumiza wailesi kupitila pa setilaiti si atsopano. Mu 1998 kampani ya WorldSpace, imene inayambitsidwa na Noah Samara wobadwila ku Ethiopia, inaponya kumwamba setilaiti yochedwa AfriStar kuti anthu a m'midzi ya mu Africa azimvela wailesi yomveka bwino kulikonse. Sigino inali kufika ndithu. Koma mawailesi ake anali odula kwambili kwa anthu amene anawapangila, ndipo mu 2008 kampaniyo inagwa. Phunzilo lake likali lomweli: kufikitsa sigino pamwamba pa mudzi n'kosavuta kusiyana na kuiloŵetsa m'nyumba ya munthu wosauka.

Malaiti, ndalama na mmisili

Midzi yambili ya ku Vubwi ilibe waya wa ZESCO, conco TV imadalila sola na batili. Ise a m'tauni tinalawako zimenezi mu 2024, pamene cilala cinaphwetsa Kariba ndipo malaiti anali kupita pafupifupi tsiku lonse. Kumudzi ndiwo umoyo wa masiku onse. Batili ya sola imakalamba pakapita zaka zocepa, ndipo imayamba kufa mpila uli pa hafu taimu. M'nyengo ya mvula, pamene mitambo ikuvutitsa sigino, ndiyenso pamene sola siidzaza batili. Mavuto awiliwa amabwela pamodzi.

Ndiye pali ndalama. Dishi na dikoda mungapatsidwe mahala, koma nthawi yaulele ikatha, mwezi uliwonse ufuna zake. Kuyambila mu 2018, msonkho wa TV unakwela kucoka pa K3 kufika pa K5 ndipo unayamba kutoleledwa pamodzi na malipilo a dikoda m'malo mwa bilu ya malaiti. Mlimi amaona ndalama akagulitsa mbewu, ca mu June mpaka August. Mu January na February, pamene nkhokwe yatsika ndipo ana afuna mabuku na mayunifomu, palibe amene angaike TV patsogolo pa ufa. Ambili amene ninakamba nawo amalipila mwa apa na apo: mwezi wa mpila waukulu, nthawi ya Khisimasi, kapena mwana wa m'tauni akatumiza pa foni.

Cacitatu ni mmisili. Mu Lusaka dishi ikasuntha mumaitana mnyamata wa pa kona, pa ola limodzi wafika. Kumudzi woika madishi angakhale pa mtunda wa makilomita ambili, ndipo mafuta a mthuthuthu wake mulipila ndimwe, nthawi zina kuposa mtengo wa nchito yeniyeniyo. LNB ikapsa na mphenzi, ina ipezeka ku Chipata. Conco kavuto ka mphindi khumi kamagoneka TV miyezi itatu.

Pa zipangizo za anthu onse, monga zija zoikidwa pasukulu na pacipatala, funso limakhala lakuti mwini wake ndani. Tsiku lotsegulila pamakhala nyimbo na malankhulidwe. Batili ikafa pakapita zaka, ndani agula ina? Komiti ya makolo, khonsolo, kapena kampani? Tsopano popeza ndalama za CDF zinakwezedwa, makhansala a m'maboma monga Vubwi, Sinda na Katete angacite bwino kuŵelenga zipangizo zotele m'mawodi awo, kuona zimene zikali kugwila nchito, na kuphunzitsa acinyamata awili kapena atatu pa wodi iliyonse kulunjika dishi na kusintha waya. Ni nchito yophunzilika pa masiku ocepa, ndipo imadyetsa.

Ena amati zonsezi zidzatha cifukwa kwabwela intaneti ya setilaiti. N'zoona kuti Starlink inayamba kugwila nchito kuno mu October 2023, ndipo imafika kumene kulibe mlongoti wa foni. Koma mtengo wa zipangizo zake na malipilo a pamwezi ni wa sukulu, cipatala kapena bizinesi. Kwa ambuya a kumudzi, dishi na kawailesi zikali na zaka zambili.

Musanakwele basi na katoni

Ngati mwezi uno ndimwe mufuna kutumiza, yambani mwatuma foni kumudzi. Funsani ngati alipo mnansi amene TV yake imagwila bwino, aseŵenzetsa dishi kapena eliyo, dishiyo ni yaikulu bwanji ndipo yaloza kuti. Zimene zagwila pa nyumba yoyandikana nayo ndizo mugule. Ngati pali kusankha, tengani dishi yokulilapo. Gulani waya wabwino wotalika mokwanila, osati wolumikiza-lumikiza, na tepu yotsekela madzi polumikizila.

Dishi imangidwe pa khoma la njelwa kapena pa paipi yacitsulo yozikidwa na simenti, kutali na mitengo imene ikali kukula. Woika asacoke asanakuonetseni mizele iwili ija pa menyu, ndipo wina wa m'nyumbamo alembe manambala ake pa pepala, kuti tsiku lina TV ikaleka mudzadziŵe ngati dishi yasuntha kapena ni malipilo cabe amene atha. Sungani nambala ya dikoda m'foni yanu kuti muzilipila muli konkuno. Funsani za sola: kodi batili ingakwanitse TV, dikoda na mababu panthawi imodzi? Ndipo muwaonetse akulu-akulu pamene pali mawailesi pa limoti.

Potsiliza ŵelengani ndalama ya caka cathunthu, osati ya tsiku logula cabe. Ngati miyezi 12 ikulemelani, kambilanani na abale anu kuti muzisinthana miyezi, kapena yambani na kawailesi kabwino ka sola kokhala na eliyo yaitali. Kameneko sikafuna malipilo, ndipo amayi angapite nako kumunda.